Sewero Limene Linandilanda Unkhoswe

Ntchito yanga yonse pamgodi wa kromu ku Shurugwi inali ya m'chipinda cha nyali. Anthu akamalowa pansi ndinkawapatsa nyali za pachipewa, akamatuluka n'kuzilandira kuti ndizitchaje. Pakati pa kulowa ndi kutulukako pankakhala nthawi yaitali yongokhala, ndipo m'menemo ndi mmene ndinazolowerera mabuku. Sukulu ndinalekera panjira. Mabukuwo anali otayidwa ku kalabu ya mabwana, ena opanda chikuto, ena othothoka masamba akumapeto, moti nkhani zambiri ndimazidziwa kulekezera pamene wakuba watsala pang'ono kugwidwa. Mathero ndinkapeka ndekha. Mwina matenda anga anayambira pamenepo.

Matendawo ndi akuti sindikhutira ndi munthu woipa amene wangoipa basi. Mufilimu akatulukira wamaso ofiira, ndudu ili pakamwa, anthu onse n'kuyamba kumutukwana, ine ndimafuna kudziwa kuti anakulira kuti, analeredwa ndi yani. Akazi anga anasiya kale kuonera nane limodzi. Amati kuonera filimu ndi ine kuli ngati kudya nsomba ndi munthu wofunsa dzina la munga uliwonse.

Nditapuma ntchito tinasamukira ku Mkoba, komboni ina ya m'tauni. Mpingo wathu kumeneko ndi wa ife ana a matchona, amene makolo athu anachoka ku Malawi kudzakumba miyala osabwereranso. M'tchalitchi timayimba Chichewa, koma achinyamata akangoponda panja lilime limatembenukira ku Chishona. Chaka china amayi a mpingo anandipempha kuti ndiwalembere sewero la chilangizo cha mabanja, loti lichitike Loweruka masana m'holo. Ankafuna zozolowereka: mwamuna woledzera ndi womenya mkazi, amene pamapeto agwada n'kulapa. Ine ndinaona kuti mwayi wanga wafika.

Ndinalemba za mwamuna wosamwa, wosakalipa, wopatsa moni aliyense. Mwamunayo aba makina osokera a mkazi wake n'kukagulitsa, kenako abwera kudzamuthandiza kufunafuna. Asuzumira kunsi kwa bedi. Akafunsa kwa aneba mwaulemu. Mkazi akayamba kulira, iye agwada, agwira nsonga ya chitenje cha mkaziyo n'kumupukuta nacho misozi, akunena kuti, "Usalire, mayi. Wakuba ameneyu Mulungu wamuona."

Mbali ya mwamunayo ndinapatsa muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga. Ndi kondakitala wa minibasi zija zotchedwa kombi, amene kuno timati hwindi, ndipo mawu ali nawo. Mowa sakhudza. Panthawiyo anali pafupi kukwatira mtsikana wa ku Shurugwi, wa banja la kwathu komweko kochokera makolo. Tinali titagogoda kale pakhomo, atatilandira, kutangotsala chinkhoswe. Nkhoswe wa kuchimuna ndinali ine, monga malume. Ndinkadziwanso kuti amayi a mpingo wa ku Shurugwi abwera kudzaonera, ndipo pakati pawo padzakhala azakhali a mtsikanayo. Ndinaganiza kuti ndi bwino aone luso la mkamwini wawo.

Luso analionadi. Mnyamata atagwada n'kugwira chitenje chija, amayi muholo anagwira pakamwa. Kenako mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ndi yemweyo! Usamumvere, mwanawe!" Wina anavula nsapato, anzake n'kumugwira dzanja. Ine ndinali nditatsamira khoma, mtima uli mbee, ndikudziona ngati mmodzi mwa aja amalembedwa maina pa zikuto zimene zinathothoka.

Sabata isanathe muphwa wanga anafika kwathu dzuwa lili pamutu, nthawi imene amayenera kukhala akuitanira anthu pa renki, pokwerera makombi.

"Sekuru, zvaipa," anatero asanakhale n'komwe.

"Lankhula Chichewa, mpando uwo. Chaipa n'chiyani?"

"Akuchikazi akuti ayambe aganizanso. Atete ake, azakhali aja, akuti mwana wawo sangapite kwa munthu wa mtima umene anauona muholo muja."

"Mtima wa ndani? Unali mtima wa munthu wa m'sewero."

"Kawauzeni iwowo, amalume. Ine ngakhale mukombi amayi akumagwiritsa zikwama ndikawayandikira. Mtsikanayo akungolira. Munandiuza kuti anthu adzandiombera m'manja."

"Anakuombera."

"Ndikwatira m'manjamo?"

Ndinamuuza kuti asade nkhawa, nkhani yake ndi yaing'ono, yongofunika kufotokoza. Ndimakhulupirira kwambiri kufotokoza, ngakhale kuti sikunandipindulirepo kanthu kooneka.

Tinapita ku Shurugwi Loweruka lotsatira. Anatikhazika pansi pa mtengo wa mapeyala, kuseri kwa nyumba ya pamgodi imene banjalo linatsalamo kampani itachoka. Mwa mwambo wa makolo athu, wolankhulira mtsikana ndi malume wake, ndipo analipodi, chipewa chili pabondo. Koma takhala nthawi yaitali pakati pa anzathu a kuno, ndiye tinatengera zawo: mawu enieni amakhala ndi atete, mlongo wa bambo. Malumeyo ntchito yake tsiku limenelo inali kunena kuti "eya."

Atetewo ndi mayi wamfupi, wogulitsa tomato ndi kapenta pamsika, wolankhula mosafulumira.

"Ankhoswe," anayamba, "ine ndabadwira pakomboni, ndakalambira pakomboni. Woledzera ndimamudziwa, amamveka ali kutali ngati lole ya miyala, munthu umapatuka. Womenya naye amaoneka. Koma uja wopukuta misozi ndi amene amamaliza mkazi, chifukwa ukakamunenera anthu amati wamisala ndiwe. Ndiye mwana wanuyu anachita zimene zija osaphethira. Munthu savina bwino chonchija gule amene sakumudziwa."

"Eya," anatero malume.

Muphwa wanga anali atazolika, akukanda dothi ndi chala.

Ndinakonza pakhosi. Ndinawafotokozera kuti wosewera ndi munthu amene akumusewerayo ndi anthu awiri. Ndinati m'mafilimu amene amafa lero mumamuonanso mawa ali moyo mufilimu ina, atavala suti. Ndinati olemba nkhani amadziwa kuti woipa weniweni sayenda ndi nyanga. Atete ankangondiyang'ana monga amayang'anira munthu wotsitsa mtengo wa tomato. Pamapeto ndinabwerera ku zimene ndimazidziwa.

"Wosewera ali ngati nyali ya pamgodi, atete. Payokha ilibe kuwala. Imawala ndi moto umene wina waiikira."

"Chabwino. Ndiye uyu anamuikira moto ndani?"

"Ndine."

"Mawu aja akuti Mulungu wamuona?"

"Anga."

"Nanga zogwira chitenje? Zimene zija sizilembedwa papepala."

Apa ndiyenera kunena kuti funsolo linandikoma. Chiyambire sewero lija palibe amene anali atandifunsa za mmene ndinalipangira, ndipo munthu wolemba amamva ludzu limene ena salidziwa.

"Zimenezo ndiye zanga zenizeni," ndinatero. "Uyu poyamba ankalakwitsa. Ankapukuta misozi ngati akupukuta galasi la kombi. Ndinavutika naye. Taimani ndikuonetseni."

"Amalume," ananong'ona muphwa wanga.

Sindinamumvere. Panali mpando wopanda munthu, pamene anayanikapo kansalu kopukutira mbale. Ndinagwada patsogolo pake, mawondo akulira. Ndinagwira nsonga ya kansaluko ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, ngati ndikuopa kukapweteka. Ndinatsitsa mawu, n'kuwanjenjemeretsa pang'ono pamapeto: "Usalire, mayi. Wakuba ameneyu Mulungu wamuona."

Ndikanalekera pomwepo mwina zikanatha mosiyana. Koma ndili chigwadire ndinapitiriza kuphunzitsa.

"Mwaona? Chinsinsi chake n'chakuti pamene akunena zimenezi, mwamunayu sakunama kwenikweni. Misozi ya mkazi wake ikumupwetekadi. Amamukonda ndithu. Ali ndi zifukwa zake zimene anagulitsira makinawo, ndipo mutamufunsa modekha angakuuzeni. Mukamuyang'anitsitsa, mumumvera chisoni."

Nkhuku ina inadutsa pakati pathu osafulumira. Malume uja anayang'ana atete kuti adziwe ngati pafunika "eya," koma sanapatsidwe chizindikiro.

"Dzukani, bambo, mungathyoke," anatero atete. Ndinazindikira kuti sananenenso kuti ankhoswe. Anatembenukira kwa muphwa wanga. "Iwe, dzutsa mutu. Ulibe mlandu. Ndaona tsopano kuti unkangobwereza za eni ake, ndipo sunafikepo n'komwe. Mwana wathu umutenga."

Mnyamata anaomba m'manja mwa Chishona, manja atawakhoteza, n'kuthokoza m'zilankhulo zitatu.

"Koma inu, bambo, unkhoswe wa banja limeneli ayi."

"Atete, ine sindinabepo ngakhale singano."

"Sindinati ndinu wakuba. Mkazi wanu timamudziwa, ndi wonenepa bwino, sadandaula. Koma tandiuzani, nkhoswe ntchito yake n'chiyani? Si kumene mwana wathu adzathamangire zinthu zikavuta? Ndiye adzafike kwa inu maso atatupa, inu mudzayambe kumuuza kuti mwamuna wake ali ndi zifukwa zake? Kuti amuyang'anitsitse amumvere chisoni? Ife tikufuna nkhoswe woti akamva kuti makina asowa, afunse kuti makina ali kuti. Mulibe mng'ono wanu?"

"Eya," anatero malume, mosangalala kuti nthawi yake yakwana.

Mng'ono wanga ndili naye. Amawotcherera zitsulo ku Mkoba komweko. Buku sanamalizepo, ndipo filimu ikangoyamba amagona, kudzuka anthu akutuluka n'kufunsa kuti wapambana ndani.

Pobwerera, kombi ikutsika zitunda za Shurugwi, muphwa wanga ankayesetsa kuonetsa nkhope yachisoni chifukwa cha ine, koma inkamukana. Apa ndinatsimikiza kuti atete ananena zoona pa chinthu chimodzi, kuti mnyamatayu popanda womuphunzitsa sangapusitse munthu.

"Pepani, sekuru," anatero. "Koma munachita bwino kuposa ine. Ngakhale ine ndinachita mantha."

Ndinamuthokoza. Kunena zoona, ndi chiyamikiro chachikulu chimene ndalandirapo pa zolemba zanga.

Nkhaniyi ndaitembenuza kambirimbiri m'mutu. Pa za osewera ndimaonabe kuti atete analakwa, chifukwa munthu angathe kuvina gule wa eni ake mtima wake uli woyera. Ndimakhulupiriranso kuti kumvetsa munthu woipa si kumuvomereza, ndipo mabuku onse amene ndinawerenga m'chipinda cha nyali angandiikire umboni. Koma mabukuwo munthu amawerenga atakhala pansi, palibe amene akugogoda pachitseko akulira. Ndayesa kudzifunsa chimene ndikananena mtsikanayo atafikadi pakhomo panga ndi dandaulo, ndipo nthawi zonse yankho langa limayamba ndi mawu akuti "komabe."

Chinkhoswe chinachitika dzinja litatha, pabwalo la nyumba yomweyo. Ine anandipatsa ntchito yolozera alendo pokhala, ndipo ndinaigwira bwino. Itafika nthawi yosinthana nkhuku, mng'ono wanga anapereka tambala n'kulandira msoti, ataugwira ngati chitsulo chotentha. Wotsogolera mwambo anafunsa mokweza kuti, "Ana awa akadzasemphana, wa kuchimuna woti timufunse ndani?" Mng'ono wanga anakweza dzanja, msoti uli kukhwapa. Amayi analulutira, ndipo ine ndinaomba m'manja limodzi ndi anthu ena onse.