Faifi sanayankhe

Shaibu, m'mawa uno ndadutsa pagombe ndikupita ku Dwangwa, ndapeza makadeti atsopano akuphunzira kugubuduza boti. Nditamva akuitana manambala m'madzi, ndinangoima n'kumamvetsera. Ukukumbuka lamulo la gulu lathu lija? Aphunzitsi akagubuduza boti dala, aliyense akavuuka amatchula nambala yake mwandondomeko, ndipo wina akapanda kuyankha, womutsatira ndiye amamira kukamufuna. Iwe unali faifi, ine sikisi. Tsiku lija mwera unali utayamba kale. Ndinamva wani, thu, fili, folo, kenako zii. Ndinadikira, mafunde akundimenya kumaso. Kunena zoona ndinafuna kungokuwa "sikisi" kuti zindipitirire, koma aphunzitsi anakalipa ali m'boti lina: "Asiyatu, ukudikira ndani? Lowa!"

Ndinalowa pansi pa botilo, osaona kanthu, ndikungopapasa. Ndinakupeza lamba wa jekete yako yoyandamitsa atakola pathabwa lokhalira, mphuno utaikankhira m'kampweya kotsalira. Zala zanga zinakanika kawiri, kachitatu lambayo anamasuka. Titavuuka unatsokomola mpaka kusanza madzi, kenako unakuwa "faifi!" ngati palibe chachitika, n'kundiyang'ana: "Wachedwatu, Sikisi." Nyanja inakubweza tsiku limenelo, koma malungo a chaka chatha sanakubweze, ndipo uthenga unandipeza anthu atabwerako kale kumanda. Allah akukhululukire, akupatse malo ozizira, m'bale wanga. Lero ana aja atafika pa folo ndinagwira mpweya. Wina anayankha, koma sanali iwe, ndipo ulendo uno ndilibe pomira kuti ndikakufune.