Pamene Amayi Ankatsamira

Chipupa chimenecho chili pokwerera maminibasi ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, kuseri kwa bala. Kuyambira ndili mwana tinkadutsapo titagwira mphuno. Munthu wina analembapo ndi penti yofiira kuti OSATUNDILA PANO, koma amuna ankakodzera pamawu omwewo ngati kuti akuwalozera malo. Nthawi yotentha fungo linkakulandira usanatsike n'komwe m'basi.

Atate ankadutsa pamenepo m'mawa uliwonse popita ku fakitale ya nsalu. Anabwera ku Kafue kuchokera ku Katete ali mnyamata, anagwira ntchito mpaka fakitale itatsekedwa, ndipo pambuyo pake sanakhalitse. Anamwalira ine nditangoyamba ntchito ku Lusaka. Anatisiyira chithunzi chimodzi chokha: ataima atavala ovolosi, dzanja limodzi litanyamula kachitini ka chakudya chamasana, linalo lili lende. Amayi ankachiika pamwamba pa kabati.

Chaka china kunabwera gulu la anthu ojambula. Mtsogoleri wawo anali mzimayi woonda wa ku Lusaka, wosachuluka mawu, manja ake penti yokhayokha. Ankayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi akomiti ya msika, kupempha zithunzi za anthu amene anagwirapo ntchito m'mafakitale ndi kunjanji, kuti awajambule pachipupa poyera aliyense aziwaona. Ambiri anakana. Achinyamata a kutchalitchi kwathu ankati ndi za usatana, nkhope ikangopita pachipupa m'nyumba mugwa maliro. Amayi sanafunse munthu. Anatsitsa chithunzi chija, anachipukuta ndi chitenje, n'kupereka.

Ndinamva nkhaniyi Loweruka nditabwera kudzawaona, ndipo poyamba ndinasangalala. Nditafunsa kuti ndi chipupa chiti, amayi anati ndi chija cha kuseri kwa bala. Ndinasiya chikwama pakhomo n'kupita kukamufuna wojambulayo. Ndinamupeza pamakwerero, akulemba kale mutu wa atate ndi choko.

"Sisi, vipupa vonse vili mu Kafue, mwasankila chani ichi?" ndinamufunsa.

Anatsika, napukuta manja. Sananame ayi, ndipo pa chimenecho ndimamupatsa ulemu mpaka lero. Anati akomiti ndi amene anasankha, poganiza kuti munthu sangakodzere nkhope ya munthu amene ankamudziwa.

"Manje ngati batundila?"

"Siniziba, sisi," anayankha motsitsa.

Ndinapsa mtima koopsa. Atate anga, munthu amene sankadya atavala chipewa, amene ankapukuta nsapato ngakhale ntchito itatha, asanduke mlonda wa chimbudzi! Ndinabwerera kunyumba ndikubwebweta njira yonse, ndipo ndinauza amayi kuti tikalande chithunzi chathu tsiku lomwelo.

Amayi ankasankha tinsomba ta kapenta m'lichero ndipo sanadzutse mutu. "Kumanda ni kutali, mwana wanga, miyendo yanga siyenda," anatero. "Apa niziwaona tsiku lililonse."

Ndinawasiya, koma sindinavomere.

Ntchito itatha, anthu anasonkhana, kwaya inaimba, ena amene anakana aja anayamba kudandaula. Atate anali pakati, pambali pawo pali bambo wina wa kunjanji ndi amayi awiri a makina osokera. Anali iwo ndithu, mpaka khutu lawo lopindika pang'ono lija. Ndinalira pamaso pa anthu, ine amene ndinabwera kudzayang'ana zolakwika.

Chisangalalo chimenecho sichinafike patali. Loweruka lotsatira ndikutsika basi ndinapeza mizere yonyowa itatsika pansapato za atate, ntchentche zili ng'waa. Ndinatukwana mokweza, anthu mpaka kutembenuka. Ndinalumbira kuti ndigula penti yakuda ndiwafafanize ndekha, bola asaonekenso kusiyana n'kuwachita chipongwe chotere.

Amayi sanatsutsane nane. M'mawa mwake anatenga ndowa, phulusa ndi tsache, anakatsuka m'munsi mwa chipupa. Lolemba ananyamula thebulo lawo la tomato ndi kapenta kuchoka mumsika, pamalo amene anakhalapo kuyambira ine ndisanabadwe, n'kukaliika pamapazi pa atate. Anzawo a mumsika anati azungulira mutu, ndani angagule tomato pachimbudzi. Ine ndinawachonderera kuti fungo liwadwalitsa. Iwo anangokhala pakampando kawo kafupi, natsamira chipupa.

Nkhani ya mwamuna woyamba amene anabwera iwo ali pomwepo ndinaimva kwa ang'wang'wazi, anyamata oitanira anthu m'mabasi aja. Akuti anatuluka m'bala akudzandira, nayamba kumasula lamba osayang'ana n'komwe. Amayi sanakuwe. Anangomuuza munthuyo kuti, "Atate, yang'anani kumwamba. Awo ni amuna anga." Munthu uja anayang'ana, anayang'ananso amayi, namanga lamba wake. Akuti anagula tomato amene sankamufuna.

Sindinganene kuti zinatheratu. Madzulo amayi akaweruka ena ankachitabe zawo, ndipo m'mawa uliwonse ndowa ndi phulusa zinkagwira ntchito. Koma pang'onopang'ono fungo linachepa. Mayi wina wa vitumbuwa anabwera kudzakhala pambali pawo, kenako wokonza nsapato. Ang'wang'wazi, anthu amene ndinkawaona ngati opanda khalidwe, ndi amene anayamba kuthamangitsa zidakwa amayi kulibe. Okwera basi anayamba kunena kuti, "Nisiyeni pa bamudala," ndipo dalaivala aliyense ankadziwa kuti akunena pachithunzi cha atate.

Zaka zinapita amayi ali pamenepo, dzuwa ndi mvula, pansi pa ambulera yong'ambika. Ndikatsika basi Loweruka ndinkawapeza atatsamira, nthawi zina akuwodzera. Ndinkawaseka kuti atate ali moyo sankawakakamira chonchi. Iwo ankati, "Nthawi ija anali ku nchito."

Amayi anadwala nthawi ya dzinja ndipo sanadzukenso. Atamwalira ndinasiya kutsikira pamenepo. Ndinkapitirira mpaka kutsogolo n'kubwerera wapansi njira ina, chifukwa sindinkafuna kuona malo awo ali mbee. Ndinkaopanso, kunena zoona, kupeza atate atabwerera m'mikodzo popanda wowayang'anira.

Tsiku lina mayi wa vitumbuwa uja ananditumizira uthenga kuti ojambula abweranso kudzakonza penti imene inasuluka. Ndinaganiza kuti ndikaone asawasinthe nkhope atate. Nditatsika ndinapeza makwerero, zitini, ndi mzimayi woonda uja, tsitsi litayamba imvi. Pansi panali posesa bwino, popanda fungo. Theka la chipupa linali litawala kale, koma pa atate ntchito inali itaima, ndipo ang'wang'wazi angapo anali ataima pamenepo manja m'chiuno.

"Bakana ati nisapakepo," wojambulayo anandiuza. "Nenze kuyembekeza imwe."

Ndinasendera pafupi. Pansi penipeni pa dzanja la atate, lija lili lende, panali banga lakuda lozungulira, losalala ngati mpini wa khasu lakale. Penti inali itaperepeseka pamenepo, mafuta a m'tsitsi ndi thukuta zitalowa m'simenti. Zaka zonsezo ndinkawapeza amayi atakhala pomwepo, n'chifukwa chake sindinalionepo. Panali pamene ankatsamiritsa mutu wawo, ndipo zala za atate zinali zitangokhudza pamwamba pake.

"Apo ni pa bamai," mmodzi wa anyamata aja anatero. "Osagwilapo."

Wojambulayo anandifunsa chimene ndikufuna. Anati akhoza kuwajambula amayi atakhala pamenepo, ndi duku lawo ndi thebulo lawo, ngati ndili ndi chithunzi. Zithunzi zawo ndili nazo zambiri mufoni. Ndinayang'ana bangalo nthawi yaitali, kenako ndinamuuza kuti apake ponse pozungulira, koma pamenepo asiye momwe palili. Anagwedeza mutu movomereza, natenga kaburashi kakang'ono.

Asanayambe ndinapempha kampando kwa mayi wa vitumbuwa. Ndinakhala pansi, siketi yanga ya kuofesi ili m'fumbi, anthu akundiyang'ana, ndipo ndinatsamira chipupa. Chinali chofunda ndi dzuwa. Mutu wanga unapitirira banga lija, unakafika pachigongono cha atate. Sindinkadziwa kuti amayi anali atachepa chotere. Ndinachita kudzipinda msana, kutsetsereka pang'onopang'ono, mpaka mutu wanga utalowa pamalo pawo, pansi pa dzanja la atate.