Alangizi Alowa M'matope

Boma likafuna kukuchotsa mwaulemu limati wapuma. A Mapopa Chirambo anapuma Lachisanu masana. Panali Fanta wofunda, mabisiketi, ndi bwana wochokera ku likulu amene anawayamikira kwa nthawi yaitali, uku akuwatchula kuti a Chirwa. Atatha anawalanda makiyi a njinga yamoto n'kuwapatsa wotchi yapakhoma, kuti azikaiona bwino nthawi imene analibe nayonso ntchito.

A Chirambo anali mlangizi wa alimi a mpunga ku Lifuwu kuyambira tsitsi lawo lili bii. Kwawo ndi ku Rumphi, koma kumeneko kunangotsala dzina. Munda wa bambo awo anagawana kalekale azing'ono awo, ndipo ana awo Chitumbuka amachimva ngati wailesi ya kunyumba kwa eni. Choncho anamanga kanyumba kanjerwa konkuno, pafupi ndi sikimu ya mpungayo. Ntchito yawo zaka zonsezo inali kuima m'mphepete mwa munda atavala majombo, n'kumaloza ndi bolopeni. "Wokerani m'mizere! Kokani chingwe! Mbande zisakalambire pa nazale!" Alimi ankayankha kuti, "Tamva, alangizi." Njinga ikangokhota, ankabaya mbande paliponse pamene dzanja lagwera.

Mlandu unayambira pa phwando lomwelo. Atapatsidwa mpata wolankhula, a Chirambo anaona alimi angapo atakhala kumbuyo, mtima n'kuwanyamula. "Chaka chino," anatero, "ndikuonetsani ndi manja angawa. Waganyu sadzaponda m'munda mwanga." Che Binali, mlimi wachikulire wotsimphina mwendo umodzi, anaomba m'manja kuposa onse. Kuomba kumeneko kukanayenera kuwachenjeza.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Akazi awo, mayi Florence, anali akuphunzitsabe ku pulayimale, ndipo ankachoka m'mamawa. A Chirambo ankadzuka nawo limodzi, kusamba, kuvala malaya ositidwa bwino, kenako n'kukhala pakhonde. Njinga yamoto ikamveka kumsewu ankaimirira osadziwa. Foni inasiya kulira. Anayesa kulangiza nkhuku za pakhomo za malo oyenera kuikira, koma nazo zinali ndi khalidwe la alimi. Chimene chinkawagwira mtima chinali chimodzi: nyengo yowokera ikubwera, ndipo anthu adzaona kuti Chirambo sanathe.

Komiti ya sikimu inawapatsa puloti. Anasankha okha ya m'mphepete mwa njira, pamene aliyense wopita kumunda amadutsa. Asanagwire khasu anakalembetsa chikwangwani kwa wopenta ku Salima: MUNDA WACHITSANZO, M. CHIRAMBO.

"Bwanji osayamba mwalima, chikwangwani pambuyo?" anafunsa mayi Florence.

"Amayi, mwagwira m'boma zaka zingati? Munaona kuti ntchito ikuyamba chikwangwani chisanaime?"

Nazale inamera mokongola, yobiriwira ngati ya pa kalendala. Kugaula anagaula ndi ng'ombe za mnzawo, atagamula mumtima kuti ng'ombe si waganyu. Tsiku lowokera anafika ndi chingwe chatsopano, zikhomo ziwiri ndi majombo aja. Atangoponda, matope anagwira jombo limodzi n'kukana nalo. Anavula onse awiri, ndipo dziko linaona koyamba mapazi a alangizi, otuwa ngati chinangwa chosenda. Anakhoma chingwe, n'kuwerama. Mzere woyamba unatuluka woongoka ngati wa m'buku. Wachiwiri chimodzimodzi. Poti adzuke akasunthe chikhomo, msana unakana. Anangokhala chiweramire pakati pa madzi, manja pamaondo.

"Alangizi, mwataya chiyani?" anafuula mayi wina wodutsa ndi khasu.

"Ndikuyeza madzi," anayankha ndi mano olumana.

Kunyumba anabwerera pa kabaza, atapingasa ngati thumba la feteleza. Kuchipatala anawapatsa mapilitsi ndi malangizo: asawerame. A Chirambo anazindikira tsiku limenelo kuti malangizo amapepuka kwa wopereka yekha.

Masiku anayamba kuthamanga. Palibe munthu mu sikimu yonse amene ankadziwa kuposa iwo zimene zimachitikira mbande yokalamba: imatalika, imalimba, ukaiwokera sibereka ana, ngala zake zimakhala zowerengeka. Anaziphunzitsa zimenezi pansi pa mitengo yambiri. Kunalinso lamulo la komiti, loti puloti yosawokeredwa pa nthawi yake ipatsidwe kwa wina. Lamulolo analemba ndi iwo omwe, chaka china atakwiya ndi ulesi wa anthu, ndipo analilemba bwino, losasiya pothawira.

Ankapita ndi ndodo kukayendera. Mapuloti a anzawo anali akubiriwira kumanja ndi kumanzere. Yawo inali dziwe, dokowe akuyendamo mwaulemu ngati mlendo wolemekezeka, ndipo pansi pa chikwangwani panali mizere iwiri.

"Alangizi," anatero Che Binali ataima panjira, "ndiye chitsanzo chake n'chimenechi? Mizere iwiri basi? Enafe tikazule inayo?"

Anaseka nawo, koma chakudya cha tsikulo sichinatsike. Anapempha akazi awo kuti Loweruka akawathandize. "Ine sindinalumbire pa Fanta," anayankha mayiwo. "Lembani aganyu, bambo, nkhani ithe." Aganyu! Ndiye pamaliro, pamsika, potuluka m'tchalitchi, anthu azidzati uja ankatiphunzitsa ndi pakamwa. Anaganiza zokazula chikwangwani, koma dzenje lake likanalankhula kuposa chikwangwanicho. Anaganizanso zonena kuti aitanidwa ku Rumphi. Aitanidwa ndi yani?

Tsiku lina akuyang'ana nazale, yomwe tsopano inkawafika m'maondo, anamva moni kumbuyo. Anali mayi Zulfa, mayi wamasiye wa puloti yoyandikana nayo, amene a Chirambo anakangana nawo za mizere kuposa mlimi wina aliyense.

"Alangizi, mbande zanuzi zitulutsa ngala pompano. Mudzakolola pa nazale?"

"Ndikudikira msana, mayi."

"Msana wa zaka zanu saudikira. Mverani. Ife m'gulu mwathu timasinthana manja: lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Palibe ndalama, ndiye si ganyu. Mawa tibwere kwanu. Inu mudzagwira chingwe."

"Koma ndinanena pagulu kuti ndi manja angawa."

"Nanga chingwe mudzagwira ndi mapazi?"

A Chirambo anaufufuza mwambiwo mbali zonse, monga ankachitira ndi malipoti, ndipo sanapeze polakwika.

M'mawa mwake anabwera amayi asanu, zitenje atazikwinya m'chiuno. Anadula nsonga za mbande kuti zisagwe. Amayiwo anakhazika a Chirambo pa chigubu chakale mbali imodzi, mbali inayo n'kukhazika Che Binali, amene anati wabwera kudzaonerera koma anapezeka wagwiritsidwa chingwe. Amayiwo anandanda, n'kuyamba. Mzere ukatha onse pamodzi ankafuula ndi mawu a m'mphuno, akuloza ndi chala ngati bolopeni: "Kokani chingweee!" Ndiye phwete kuseka. A Chirambo ankakoka, makutu akutentha. Anthu odutsa ankaima, ena n'kujambula pa foni.

Koma mizere inkatuluka, yoongoka, yotalikirana mofanana. A Chirambo anapirira osafunsa, kenako analephera.

"Mayi Zulfa, kodi mumatha chonchi? Nanga zaka zonsezi?"

"Chingwe chimafuna anthu awiri ongokhala, alangizi," anayankha osadzutsa mutu. "Nyengo yowokera munthu wongokhala timupeza kuti? Tsopano Mulungu watipatsa awiri."

"Mmodzi wa boma, wina wa mwendo," anatero Che Binali. "Kokani, achimwene, mwalekerera."

Dzuwa lisanafike pamutu madzi onse anali atadzaza timizere tobiriwira. Mbande zinali zokalamba ndithu, ndipo a Chirambo ankadziwa kuti zokolola zake sizidzakhala zoitanira alendo. Koma puloti sidzalandidwa. Anaimirira pang'onopang'ono, dzanja pamsana, akufunafuna mawu othokozera oyenera. Mayi Zulfa sanawadikire.

"Mawa kumunsi, puloti yanga inayo. Mkuja kwa anzangawa. Mubwere ndi chingwe chanu, ndipo musachedwe. Kuno kulibe zosayina."

Anavomera ndi mutu. Kenako nkhawa ina, yatsopano, inawafikira. Kumunsi kunatsala mapuloti ochepa chabe. Sabata ziwiri, mwina zitatu, ndiye khonde lija.

"Nanga kuwokera kukatha?" anafunsa, mawu atatsika.

Mayi Zulfa anali akutsuka miyendo m'ngalande. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kupalira simungathe. Koma mpunga ukayamba kucha zimabwera mbalame, ana ali kusukulu. Kumafunika munthu wokhala tsiku lonse akukuwa."

"Tsiku lonse?"

"Kuyambira m'bandakucha. Mukuona ngati mungathe?"

A Chirambo sanalonjeze. Kulonjeza anali ataphunzira mtengo wake. Anakulunga chingwe mosamala, n'kuyamba ulendo wobwerera, ndodo patsogolo. Atafika pamene panalibe anthu anayang'ana uku ndi uku, n'kuyesa: "Haaa!" Mawu anatuluka ofooka, n'kuthera m'chifuwa. Mpheta imene inali pa bango sinasunthe n'komwe. Anakonza kukhosi, n'kuyesanso.