Mbande za Eliness

Eliness Kayira walima mpunga ku Wovwe zaka makumi awiri ndi zitatu. Anabwera kudzakwatiwa kuchokera ku Vinthukutu, ndipo mwamuna wake atamwalira anatsala ndi munda, ana awiri ndi makiyi a shedi ya alimi. Makiyiwo sanawapemphe. Pa msonkhano wina anthu anangoti iye ndiye amakhala pafupi. Kuyambira pamenepo amasesa shediyo, amasoka matumba ong'ambika, amatsukanso mapampu opopera mankhwala omwe amuna amabweza ali matope okhaokha. M'komiti dzina lake mulibe.

Chaka chatha mbande za m'nazale yake zinayamba kupindika masamba, nsonga zikuuma. A Reginald Mwafongo, wapampando wa alimi a ngalande yawo, anayang'ana ali chiimire n'kunena kuti ndi matenda a chiwawu. Anapereka masiku atatu kuti mbandezo zizulidwe ndi kutenthedwa zisanapatsire za ena. Mbewu ina Eliness analibe. Akanazula, chaka chimenecho sakanakolola.

Mlangizi wa zaulimi anali ku maphunziro ku Mzuzu. Pa foni anati amutumizire chithunzi cha tsamba, chojambula pafupi kwambiri. Eliness anajambula kasanu, koma zonse zinatuluka mbuu.

Tsiku lachiwiri mlamu wake Fainess, yemwe amakaoda zitenje ku Kyela, anabwera kumunda ndi kagalasi kopanira pa foni monga mmene timapanira zovala pa chingwe.

"Wogulitsa anati ndi aka, nsabwe imaoneka ngati mbuzi," anatero Fainess.

"Inu munayesa, mlamu?"

"Ndiyese pa ndani? Ine nsabwe ndilibe."

Anakapanira. Pa foni panaoneka nazale yonse, ngalande, ndi mapazi a a Reginald omwe anabwera kudzaona ngati kuzula kwayamba. Tsamba lokhalo ndiye silinkaoneka bwino.

"Bweretsani kuno, amayi, izi zimafuna dzanja lozolowera," anatero a Reginald. Anawerama, n'kudinadina, kagalasi n'kupulumuka kugwera m'matope. Anakatola n'kupatsa Eliness kali matope okhaokha, monga amachitira ndi pampu akamaliza kupopera.

"Dzanja lozolowera lija ndi limeneli, abambo a Ipyana?" Fainess anawafunsa. A Reginald anangokumbutsa kuti kwatsala tsiku limodzi.

Kunyumba, Eliness anakhala pakhonde n'kumapukuta kagalasi kaja ndi kansalu konyowa. Mchenga unakanirira mu kamzere kena kozungulira. Iye amadziwa kuti pakamwa pa pampu, mzere wotero ndi pomasulira. Anapotokola pang'onopang'ono, kagalasi n'kugawika pawiri.

"Mwandithyolera, mlamu," anadandaula Fainess.

"Sikanathyoke. Ndi tiwiri, anangotimanga pamodzi."

Anapanira kakang'onoko pa foni n'kuloza chitenje chake. Poyamba sipanaoneke kanthu. Anasendeza foni mpaka kutsala pang'ono kukhudza nsalu, ndipo ulusi unaoneka ngati zingwe zomangira ng'ombe.

M'mawa analawirira ku nazale. Anatambasula tsamba limodzi ndi chikhadabo, n'kuliyala pa bondo kuti lisagwedezeke, n'kugwira mpweya. Pa chithunzi panaoneka tizilombo takuda, tatitali ngati timbewu ta udzu, titandandalikana m'kati mwa tsamba.

Mlangizi anayankha dzuwa lisanatenthe. Anati si chiwawu, ndi tizilombo toyamwa masamba, ndipo nazale imizidwe m'madzi masiku awiri. Koma tsikulo madzi a m'ngalande anali a alimi a mbali ina. Eliness anatenga foni n'kupita kwa a Reginald.

Iwo anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali. "Zinthu zonsezi zili pa tsamba limodzi?"

"Limodzi. Mwina muyang'anenso zanu, ndinaona zayamba kupindika."

Anapita okha kukatsegula madzi. Masana anabwera ndi masamba a m'nazale yawo atakulunga m'pepala, ndipo pofika Loweruka alimi asanu ndi mmodzi anali atabweretsa awo. Eliness anawajambulira onse pakhonde pake, mmodzimmodzi, n'kutumiza kwa mlangizi. Ena anathokoza kuti yewo, ena anangotenga yankho n'kumapita.

Madzi ataphwa, mbande zinatulutsa masamba atsopano owongoka. Patatha sabata ziwiri, Eliness ndi Fainess anaziwokera, ndipo zinakwanira munda wonse kupatula mizere inayi ya kumapeto.