Sipanala Inandichotsa Dzino ku Al Warqa

Nthawi ya korona ndinali mlonda pa nyumba ina ku Al Warqa, kudziko la Aluya. Poti kunalibe kopita, bwana anandiphunzitsa kukonza galimoto yawo yakale ya ku America, ya injini yaikulu yogwedeza mawindo ikalira. Inali mphatso yochokera kwa bambo awo.

Tsiku lina masana, tikusintha oyilo, foni inabwera yoti bambo awowo amwalira ndi matendawa. Bwana anatola sipanala yaikulu n'kuyamba kuphwanya magalasi, nyali, boneti.

"Khalas, bwana, khalas!" ndinakuwa m'Chiluya kuti aleke, ndikuwagwira mkono.

Sipanala ija inandipeza pakamwa. Dzino linagwa, magazi ali chuchuchu pa yunifolomu. Ataona magaziwo anakhala pansi, pa magalasi oswekawo, n'kuyamba kulira. Kenako ananditengera okha kuchipatala pa galimoto ya akazi awo.