Ankati Nkhani Ndi Malire

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndisanazolowere n'komwe kuzizira kwa ku Handsworth, ku Mangalande, pamene aphunzitsi athu a mbiri yakale anatigawa pawiri kuti tichite mtsutso. Funso linali lakuti kodi nkhondo yapachiweniweni ya ku America inabuka chifukwa cha ukapolo kapena ayi. Ine anandiika kutsogolera mbali yokana, yonena kuti zigawo za kum'mwera zinkangoteteza ufulu wawo wodzilamulira.

Mtima wanga sunakhazikike. M'kalasi monsemo wobadwira ku Africa ndinali ndekha, nanga bwanji asankhe ine? Ndinkawaba ndi diso aphunzitsiwo, mzungu womwetulira nthawi zonse, n'kumadziuza kuti pali chimene akufuna: mawu owawa okana za ukapolowo atuluke pakamwa pa mwana wakuda kuti amveke opepuka. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinkawanamizira. Koma kwathu mwana sakana ntchito imene wamkulu wam'patsa, choncho ndinangothokoza.

Amene sanamvetse kuthokoza kwangako anali Shanice, mnzanga yekhayo pasukulupo, yemwe agogo ake anachokera ku Jamaica. "You said thank you?" anandifunsa, maso ali psuu. Kuyambira tsiku limenelo tikakwera basi ankaika chikwama pampando umene ndinkakhala ine. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa kupatula iyeyo ndinalibe wocheza naye.

Loweruka masana ndinkayeseza mfundo zanga mokweza pabalaza, za misonkho ndi za ufulu wa zigawo, uku amayi akusita yunifomu yawo ya unamwino. Mayi anga anali munthu wokayikira chilichonse. Wogulitsa tomato akawamwetulira, iwo ankati ndiye kuti owola wawaika pansi.

"Ma rights ukunenawo," anandidula, "ndi ma rights opanga chani?"

"To run their own affairs, Mum."

"Ma affairs ake ati? Iwe usandizungulitse ngati basi ya ileveni, yongozungulira mzinda ija."

Ndinakanda m'mutu, kenako ndinavomera monyinyirika kuti ufulu waukulu umene anthu a kum'mwerawo ankaumenyera unali wosunga akapolo ndi kupita nawo kumadera atsopano.

Amayi anaimika simbi. Anandiuza kuti ali mtsikana kwawo ku Nkhotakota, mabanja awiri anakangana chifukwa cha munda. Pabwalo la milandu aliyense ankati nkhani ndi malire: chulu chakuti, mtengo wa mango wakuti. Palibe anatchula liwu lenileni, poti kwathu kunena munthu kuti kapolo ndi mlandu paokha. Koma kuseri anthu ankanong'onezana kuti zidzukulu za kapolo sizikhala ndi nthaka. Mapeto ake banja limodzi linaluza munda n'kusamuka.

"Who were they?" ndinafunsa.

"Ukuganiza kuti agogo ako anakafera kumaesiteti a ku Kasungu chifukwa chokonda fodya?" anatero osandiyang'ana. "Amene anabereka agogo a agogo akowo anagulidwa ndi nsalu. Koma ukapita kumudzi lero, akuuza kuti nkhani inali malire."

Anatenganso simbi n'kupitiriza kusita. Fungo la nsalu yotentha linadzaza m'nyumba.

Tsiku la mtsutso ndinagwira ntchito imene ndinapatsidwa. Ndinafotokoza za misonkho, ndinafotokoza za ufulu wa zigawo, osasiyako kanthu. Nditatha ndinauza kalasi kuti mayi anga anandifunsa kuti unali ufulu wochita chiyani, ndipo ndinabwereza yankho limene ndinawapatsa.

Mbali yathu inagonja, ndipo anzanga a m'gulumo anandikwiyira mlungu wonse. Aphunzitsi anangomwetulira monga mwa masiku onse, zimene zinandiwonjezera kuwakayikira. Koma titakwera basi madzulo ake, Shanice anachotsa chikwama pampando paja n'kuchiika pamiyendo.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo ndamva mtsutso womwewo kambirimbiri, pawailesi ngakhale kuntchito kwanga ku Coventry. Sindikana kuti misonkho inalipo, monganso chulu ndi mtengo wa mango zinalipodi m'munda uja. Chimene ndinaphunzira n'chakuti anthu akachita manyazi ndi chifukwa chenicheni cha ndewu, amachisakira dzina lina laulemu. Ndiye munthu akayamba kundiuza za malire, ndimamusiya amalize bwinobwino, kenako ndimamufunsa kuti amene anasamuka ndani.