Thabwa la Nyama Yozizira

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene mpunga wathu wa ku Lifuwu unapserera, madzi atavuta m'ngalande. Sindinafunse nzeru kwa wina aliyense. Mkazi wanga, amake Tadala, ndinangowauza kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndibwera. Zinakwana zaka zisanu.

Ku Kepitauni ndinalembedwa ntchito ndi mayi wina wokonza chakudya cha pamaphwando. Mu Sepitembala, chisanu chikatha maluwa n'kuyamba kuphuka, azungu amakonda kudyera panja, ndipo ntchito yanga inali yoyala thabwa la alendo. Umatenga nyama yowumitsa yodula mopyapyala, n'kuipinda ngati duwa. Pambali tchizi wamitundu itatu, mabisiketi, uchi m'kambale, sitiroberi ndi nsawawa zanthete. "Pasaoneke mpata," ankatero bwanayo. "Anthu amayamba kudya ndi maso." Ndinaidziwa ntchitoyo mpaka ndinkailota. Koma ndikabwerera m'kachipinda kanga ndinkadya buledi choimirira, ndekhandekha, mtima uli kumudzi.

Chaka choyamba ndinkaimba foni sabata iliyonse. Kenako ndinkangotumiza ndalama ndi zithunzi za mathabwa anga. Amake Tadala anayankha kamodzi kokha: "Zokongola. Mwana wayamba sukulu." Manyazi anandigwira, ndipo m'malo moimba ndinangoti zii. Chaka chachinayi anatseka nyumba n'kubwerera kwa makolo awo ku Khombedza.

Nditabwera, ankhoswe anapangana zokumana kwathu Loweruka kuti amve ngati banja likadalipo. Sabata imeneyo matako anga sanakhudze mpando. Ndinapala thabwa la m'bawa mpaka linasalala. Ndinakwera minibasi kawiri kupita kutauni ya Salima kukasaka tchizi ndi poloni. Sitiroberi kunalibe, ndiye ndinaika masawu, mtedza wokazinga, papaya ndi usipa wowamba. Ndinkafunitsitsa aone kuti zaka zisanu zija sizinapite pachabe.

Anafika dzuwa lili paliwombo: a Phiri, malume a mkazi wanga, limodzi ndi nkhoswe yanga, amake Tadala ali pambuyo, osandiyang'ana n'komwe. Ndinaika thabwa pakati pa mphasa. Tchizi anali atayamba kale kutuluka thukuta, ntchentche zikuzungulira. Palibe anatambasula dzanja.

A Phiri analiyang'ana nthawi yaitali. "Akamwini, izi n'zoti akaziphike kaye, kapena?"

"Zimadyedwa choncho, malume. Kumene ndinali ndi mmene amalandirira alendo olemekezeka."

"Oo. Ife kuno tikalemekezedwa timamva nkhuku ikulira kuseri kwa nyumba." Anatero akuvala nsapato zawo.

Apa m'pamene mutu unagwira. Madzi osamba m'manja sindinawapatse. Chakudya chinali chozizira, chosavundikira, pathabwa ngati lotumbulirapo nsomba kudoko. Kwa iwo mlandu ndinali nditauyankha kale: mwamuna wolephera kuphera ankhoswe nkhuku ndiye kuti mkazi sakumufunanso. Ndinachita mantha.

Amake Tadala anadzuka. Mumtima ndinati basi, banja latha. Koma anawerama, n'kutola kaduwa kamodzi ka poloni, n'kumakatembenuza m'manja.

"Timeneti mwapinda nokha? Kamodzikamodzi?"

"Kuyambira m'mamawa."

Anakadya pang'onopang'ono, nkhope osasintha. Kenako anamangitsa chitenje m'chiuno.

"Malume, vulani nsapatozo. Bambo a Tadala, mpeni uja ukadali pamwamba pa chitseko? Kagwireni tambala wa amayi anu, ine ndikoleze moto."

Tambala ameneyo ndinazungulira naye nyumba katatu, ndikugwa m'fumbi, ankhoswe akufa ndi phwete. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu, ndinkathamanga koma sindinkafuna kupita kwina kulikonse.